Ololedwa Kuyendetsa Galimoto Yanga

1

Ine bodza ndimalidziwa. Ndine telala, ndipo ndikamuuza munthu kuti diresi lanu mudzalipeza Lachisanu, nthawi zambiri nsaluyo ndimakhala ndisanaidule n'komwe. Koma amenewo ndi mabodza a ntchito, makasitomala amawadziwa ndipo timangoseka. Bodza limene ndikufuna ndikuuzeni ndi lina. Linatsala pang'ono kuwononga mtsikana amene ine ndinkati ndikumupulumutsa.

Pakhomo tinkakhala atatu. Panali ine, amuna anga amene ndi kalipentala, munthu wofatsa woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye, ndi mng'ono wanga. Ameneyu tonse tinkangomutchula kuti Mzime, poti kwathu ndiye anali womaliza. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wamtali, woseka ndi mano onse, ndipo anali atapeza malo kusukulu ya unamwino. Ankayembekezera kupita pakatha miyezi iwiri.

Mwana m'banja mwathu munalibe. Zaka khumi ndi zinayi, zii. Alamu anga aakazi ankanena ndikumva kuti achimwene awo anakwatira mashini osokera. Amuna anga ankandichonderera kuti tipite tonse kuchipatala akatipime, ine n'kumakana, lero mutu, mawa mayunifolomu a eni ake. Mapeto ake anasiya kufunsa.

2

Galimoto ndinagula ndi thukuta la mapazi anga, yaing'ono, yoyera, yoti inayendapo kale ndi ena. Tsiku lotsatira tinapita ndi amuna anga kukadula inshuwalansi. Tinapeza mayi wa zikhadabo zazitali, wolankhula ngati akuwerenga.

"Inshuwalansi ilipo iwiri," anatero mayiyo. "Yaing'ono imalipira munthu amene mwamugunda ndi katundu wake, galimoto yanu mukonza nokha. Yaikulu imalipira zonse, za ena ndi zanu, ngakhale itabedwa kapena kupsa. Koma kagawo koyamba mumatulutsa m'thumba mwanu."

"Ndiye mwati zonse bwanji?" anafunsa amuna anga.

"Timatero kuti musamayendetse ngati ya eni ake, bambo."

Tinasankha yaikulu. Kenako anatembenuza pepala n'kuika chikhadabo pa mzere wina. "Apa mumvetsetse, anthu ambiri amalira chifukwa cha apa. Ololedwa kuyendetsa ndi mwini galimoto, mwamuna kapena mkazi wake, ndi ana ake obereka amene akukhala naye pakhomo, bola akhale ndi laisensi. Wina aliyense, kaya m'bale kaya mnzanu, dzina lake lilembedwe pansi apa. Akayendetsa munthu wosalembedwa, ife sitikukudziwani. Ana muli nawo angati?"

"Tilibe," anayankha msanga amuna anga, maso ali pa nsapato zawo. Kenako, pofuna kuchotsa manyazi, anati, "Akazanga, tilembetse mlamu. Paja wayamba kuphunzira kuyendetsa."

Mayi uja anandipatsa kapepala kena. Kankafuna dzina, tsiku lobadwa, ndi ubale wa munthuyo ndi mwini galimoto. Pansi pake panali mawu olumbira kuti zonse ndalemba ndi zoona. Ndinagwira cholembera, dzanja linakana. Bodza lapakamwa limauluka ndi mphepo, koma lolemba n'kusainira limakhala pompo kukudikira.

"Asiyeni kaye," ndinatero. "Akadzapeza laisensi tidzaona."

"Koma inu kuuma manja," anaseka amuna anga. Ndinasekanso, ndipo chifukwa chenicheni sindinawauze.

3

Laisensi anaipeza, ine n'kumangoti mawa, mawa. Patatha milungu itatu, Loweruka m'mawa, tinapita awiri kukagula sutikesi yake ya kusukulu. Pobwerera anayamba kundinyengerera.

"Achemwali, ndiyendetseko. Kuchokera pano kukafika kunyumba basi."

"Iwe, galimoto si mashini osokera."

"Nanga laisensiyi ndinatengera kukongoletsa chikwama?"

Mzime ndinalibe mphamvu yomukaniza kanthu, chiyambire ali wakhanda. Ndinamupatsa makiyi, ndikuti tidzere msewu wa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, umene Loweruka umakhala wopanda anthu.

Anayendetsa bwino mpaka pokhota. Kutsogolo kunatulukira bambo wa njinga, atasanjikiza mathireyi a mazira kumbuyo mpaka kupitirira mutu wake. Ndinati, "Buleki." Mwana anaponda mafuta. Ndinangomva kuti phwa, njinga pansi, galimoto n'kukalowa m'ngalande. Lamba anandikoka pachifuwa mpaka mpweya unatha.

Tinatuluka tonse. Bambo uja anali chafufumimba pa phula, mwendo utapindika pamalo pamene mwendo supinda. Mazira anali akuyenderera mpaka m'nsapato zanga. Mzime anagwada pambali pake, akungoti pepani, pepani. Ine m'mutu munali mzere uja wa chikhadabo.

Ndinamugwira pamkono. "Tamvera. Ndimayendetsa ndi ine. Wamva?"

"Achemwali..."

"Khala chete. Iwe sunalembedwe. Ukatsegula pakamwa, sukulu yako yathera pano."

Alonda a nyumba zija anafika akuthamanga, kenako anthu ena. Wina anafunsa kuti dalaivala ndani. Ndinati ndine. Kuchipatala wapolisi anafunsanso, ndinati ndine, n'kusaina. Amuna anga atafika ndinawauza chimodzimodzi. Lolemba ndinadzaza pepala la inshuwalansi, poti ngozi amati uinene masiku asanapite, ndipo dzanja lija linakana kale, ulendo uno silinakane.

4

Lachitatu kushopu kwanga kunabwera munthu wofufuza wa kampani ya inshuwalansi. Anali wachikulire, wowonda, kolala ya shati yake yotembenuzidwa kale kamodzi, zimene telala yekha ndi amene angaone. M'thumba ankayenda ndi tepi yoyezera ya chitsulo, ndipo akamaganiza ankaikoka pang'ono n'kuisiya kuti ibwerere yokha. Mumtima ndinangomutcha a Tepi.

Tiyi anakana. Mpando anavomera.

"Galimoto ndaiona kugalaja," anatero. "Mayi, ndinu wamtali bwanji?"

"Mukufuna mundisokere diresi?"

Sanaseke. "Mpando wa dalaivala uli kumbuyo kwambiri. Mapazi anu sangafike pa buleki."

"Mwina anausuntha ndi amakaniko."

"Mwina," anatero, n'kulemba. Tepi ija inati tswee, n'kubwerera. Anafunsa kuti tinkachokera kuti, galimoto inali pa giya yanji, njinga ndinaiona ili pati. Mafunso ake anali ofewa, koma lililonse ankalifunsa kawiri, kachiwiriko atalitembenuza. Potuluka anayang'ana Mzime, amene anali ataima pakhomo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Mlungu umenewo unali wautali. Mwendo wa bambo wa mazira unathyoka pawiri, madokotala anati ufunika zitsulo, ndipo njinga mwina sadzapalasanso. Anali ndi ana anayi. Mchimwene wake anabwera kunyumba ndi kalata ya loya, ine n'kumuuza molimba mtima kuti inshuwalansi ilipira. Mzime anasiya kudya. Sutikesi yatsopano ija inangokhala pakona, mapepala a kusitolo ali momwemo.

"Dzulo ndinakamuona bambo uja," Mzime anandiuza tsiku lina tikuchapa. "Mkazi wake anandithokoza chifukwa chobwera. Akuti achemwali anu Mulungu awakhululukire. Ine sindingathe, achemwali. Ndikanena."

"Ukanena ndani akupindula? Bamboyo salandira kanthu, iwe kukhoti, ine kundende."

"Nanga bwanji simunandilembetse pa pepala paja? Alamu anakuuzani."

Ndinamukalipira kuti akutaya sopo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kuchapa.

5

A Tepi anabweranso Lachisanu la mlungu wotsatira, masana, ndili ndekha. Anatseka okha chitseko cha shopu. Anatulutsa kalata ya dokotala amene anandipima tsiku la ngozi.

"Apa alemba kuti lamba anakusiyirani mkwingwirima kuchokera paphewa la kumanzere kutsikira kumanja. Zoona?"

Ndinavomera. Mkwingwirimawo unalipobe pansi pa bulauzi, utada bii.

"Galimoto yanu chiwongolero chili kumanja. Lamba wa dalaivala amadutsa paphewa la kumanja. Wa kumanzere ndi wa munthu wongokwera." Anatembenuza pepala. "Mng'ono wanu anapimidwanso. Wake uli kumanja."

Ine amene ndimayeza mapewa a anthu tsiku ndi tsiku, phewa langa lomwe linandipereka.

"Ntchitoyi ndagwira zaka makumi atatu," anatero mofatsa. "Si inu woyamba. Pepala lanu lili m'chikwama umu, sindinalipereke. Likalowa mu ofesi mmene lililimu, ndi chinyengo. Sitilipira, ndipo timauza apolisi."

"Nanga ndikanena zoona?"

"Mukanena zoona, ndiye kuti galimoto imayendetsedwa ndi munthu wosalembedwa. Umenewo ndi mlandu pawokha, woyendetsa popanda inshuwalansi. Bambo uja ngakhale titamuthandiza, kampani idzatembenukira kwa amene amayendetsa, mpaka khobidi lomaliza. Mtsikanayo adzayamba moyo wake ndi khoti. Za sukulu yakeyo, mukudziwa nokha."

"Palibe njira ina, bambo? Ndikupemphani."

Anapukusa mutu, akubweza mapepala m'chikwama. "Akanakhala mwana wanu, bwenzi nkhani ili ina. Pepala likanamufunditsa lokha, popanda kulemba dzina. Koma mng'ono ndi mng'ono. Ndidzabwera Lolemba m'mawa, kunyumba kwanu. Onse akhalepo."

Atatuluka ndinakhala pa mashini osaponda. Kasitomala wina anagogoda mpaka anatopa. Ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire, chifukwa njira inalipo, ndipo ine ndinkaidziwa kuyambira tsiku lija la mayi wa zikhadabo.

6

Loweruka ndinakwera basi kupita kwa amayi anga, ulendo wa maola awiri. Ndinawapeza pakhonde akusoka neti ya udzudzu. Za ngozi anali atamva kale pafoni. Sindinakhale n'komwe pansi.

"Amayi, ndabwera kudzatenga khadi."

Singano inaima. Sanafunse kuti khadi liti.

"Wapenga?" anatero motsitsa mawu, ngakhale panalibe wina. "Bambo ako anapita kumanda ndi ulemu wawo chifukwa khadi limenelo linakhala pansi pa sutikesi. Lero ukufuna ukalipereke kwa anthu a galimoto?"

Tsopano ndikuuzeni, owerenga. Ndinatenga mimba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mnyamata wake anathawa. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, munthu woweruza ana a anzawo. Ananditumiza kwa azakhali kutali, ndipo ndinachira komweko. Chaka chomwecho bambo anapempha kuti awasamutse kuntchito. Pamene tinkafika kumalo atsopano, khanda linali kumsana kwa amayi, ine ndikunyamula beseni pambuyo. Ndinamuyamwitsa miyezi inayi mobisa, kenako anandimanga nsalu pachifuwa kuti mkaka uume. Mawu oyamba amene mwanayo anandiitana nawo anali akuti achemwali. Mzime si mng'ono wanga. Ndi mwana wanga, woyamba ndi yekhayo.

Umboni unali umodzi, khadi la kuchipatala kumene anabadwira, lolembedwa dzina langa pamalo a mayi.

Ndinawafotokozera amayi za mzere uja, kuti inshuwalansi imafunditsa ana obereka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga mwamuna wako? Zaka zonsezi akuti mkazi wake ndi chumba, ndipo wakupirira. Akamva kuti unaberekapo, adzadziwa kuti chala chikuloza ndani."

"Ndikudziwa."

"Nanga mwanayo? Adzandiyesa ndani ine?"

"Bola atide tonse ali kusukulu, kusiyana n'kutikonda ali kukhoti."

Anamasula kiyi pa kachingwe ka m'khosi n'kuiponya pansi, osandipatsa m'manja. "Mlandu suwola," anatero. "Ndinkadziwa kuti lidzafika, koma sindinkaganiza kuti lidzabwera pa galimoto."

7

Ndikanawauza Lamlungu. Apa ndiye pali tchimo langa lalikulu, loposa la pamsewu lija. Tsiku lonse ndinali nawo awiriwo m'nyumba, khadi lili m'chikwama. Ndinatsegula pakamwa kanayi, kanayi konse ndinafunsa za zina. Choncho nkhani imene ankayenera kuimva kwa ine, tili tokha, anaimva pamaso pa mlendo.

Lolemba a Tepi anafika nthawi ya eyiti. Tinakhala pabalaza, amuna anga ali ndi utuchi kale m'tsitsi, Mzime ali pampando wa pakona, manja pakati pa mawondo.

"Ndimayendetsa ndi ine," anayamba Mzime, munthu asanamufunse. "Achemwali amangonditeteza."

Amuna anga anandiyang'ana modabwa. Ine ndinatulutsa khadi lija, lofiirira ndi ukalamba, n'kuliika patebulo. "Werengani, bambo," ndinauza a Tepi. "Amayendetsa ndi iye. Koma pepala lanu likumufunditsa."

Anavala magalasi. Anawerenga dzina la mayi, anayang'ana chiphaso changa, anawerenga tsiku lobadwa, anayang'ana laisensi ya Mzime. Tepi ija sanaikhudze. "Mayi," anatero, "anthu awa akudziwa?"

"Chikudziwika n'chiyani?" anafunsa amuna anga, n'kutenga khadilo. Ndinawaona akuwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Analipereka kwa Mzime.

"N'chifukwa chake munkakana kuchipatala," anatero amuna anga pamapeto pake. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Dokotala akanaona kuti munaberekapo. Zaka khumi ndi zinayi, akazanga. Mwina vuto langali linali lochizika ndili mnyamata." Anaimirira, anatenga chipewa, n'kutuluka kupita ku shedi yawo. Posakhalitsa tinamva sowo ikulira.

A Tepi anatulutsa pepala latsopano, lakale lija analing'amba pakati. Anati ku polisi ndikakonze ndekha tsiku lomwelo, ndipo chimene akandichite ndi changa. Kenako anapereka cholembera kwa Mzime. Analemba dzina, nambala ya laisensi, malo a ngozi. Atafika pa mzere wofunsa ubale wake ndi mwini galimoto, anaima.

"Apa ndilembe chiyani?" Ankafunsa a Tepi, osati ine.

"Zoona zake, mwanawe."

Analemba pang'onopang'ono, anasaina, n'kubweza cholembera. Misozi analibe. Pamenepo m'pamene anandiyang'ana.

"Ndiye tsiku lija pamsewu munkadziwa kuti pepalali likundiloleza?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo milungu iwiri yonseyi, ine osadya, osagona, munkadziwa."

"Ndinkafuna kukuteteza, mwana wanga."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo mokweza. Anatuluka opotoka, ngati chovala cha munthu wina.

"Ayi," anatero Mzime. "Munalolera ndende, bola musanene kuti ndine wanu."

8

Inshuwalansi inalipira. Bambo wa mazira anamuika zitsulo, pano amayenda ndi ndodo ndipo anatsegula kabenchi ka malonda pafupi ndi nyumba yake. Mzime anamulipiritsa chindapusa chifukwa choyendetsa mosasamala, zinathera pomwepo. Ine khoti linandidzudzula pamaso pa anthu chifukwa chonamiza apolisi, ndipo chilango changa ndinachilandira. Galimoto inakonzedwa, ndinaigulitsa.

Amuna anga sanandithamangitse. Anapita okha kuchipatala, ndipo zimene anawauza kumeneko sanandifotokozere. Timadya pamodzi, amandifunsa ngati ndatseka zenera. Alamu anga aja anasiya kundinena, koma sindikondwa nazo, chifukwa tsopano akamalowa amayang'ana achimwene awo ndi maso achisoni.

Inu amene muli ndi galimoto, pepala lija musangoliponya m'kabati. Werengani kuti limalipira chiyani, ndipo limaloleza ndani kugwira chiwongolero. Amene mumamubwereka makiyi, mulembetseni lero. Ngozi ikachitika nenani mmene yachitikira, chifukwa anthu aja amayeza mpando, amayeza lamba, amayeza ngakhale phewa lanu.

Koma sindinalembe zonsezi chifukwa cha galimoto. Ndalembera inu amene pakhomo panu pali mwana woitana mayi ake kuti achemwali, kapena bambo ake kuti amalume. Mulipo, ndikudziwa. Mukuganiza kuti mukumusunga. Ine ndinkaganizanso choncho, mpaka tsiku limene ndinafunika kusankha pakati pa iye ndi mbiri yanga, ndipo kwa milungu iwiri ndinasankha mbiri. Muuzeni nokha, muli awiri, chitseko chotseka, asadzamve kwa munthu wa chikwama.

Mzime ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo akuti amakhoza. Patchuthi sabwera, amapita kwa anzake. Amandiimbira kamodzi pamwezi. Ndikayankha amati, "Muli bwanji kumeneko?" Sanena kuti achemwali, sanena kuti amayi. Timakamba za mayeso ndi za mvula kwa mphindi zitatu, ine ndikumvetsera mawu alionse kuti mwina lero andiitana. Kenako amati mayunitsi atha.